Sabata Imene a Lester Sanasambe

Phwa. Phwa. Phwa. Phokoso limeneli ndinkalimva ndisanavule n'komwe jekete. Linkachokera m'chipinda chakumapeto kwa kolido, m'nyumba yosamalira okalamba ya ku Ilford, mumzinda wa London, kumene ndinagwira ntchito zaka zingapo. Anali a Lester, akumenya chibakera m'golovesi yawo yachikopa, yaikulu ngati mbale, yakuda ndi thukuta lakalekale. Ankayamba kukangocha, ndipo ankasiya pokhapokha wina akatsegula chitseko.

Ndinapita ku London agogo anga, amene anandilera, adakali moyo. Anandiperekeza mpaka pa siteji ya minibasi ku Luchenza. Sanalire, anangofunsa ngati ndatenga masokosi okwanira. Anamwalira ine ndili ku London, ndipo nditabwerera ndinapeza amalume atasandutsa nyumba yawo golosale. Amalumewo anandilandira bwino, kenako anandigulitsa sopo.

Ntchito anandipezera ndi Sisita Nachisale, namwino wa ku Dedza amene ankatiyang'anira. Ndinkakhala ku Barking, chipinda chimodzi ndi Bwalya, wa ku Zambia, amene tinkagwira naye ntchito yomweyo. Iye ankalankhula, ine ndinkamvetsera, ndiye tinkagwirizana. M'mamawa tinkakwera basi imodzi, iye akuwodzera, ine ndikuwerenga masitolo otseka.

Nyumba ya okalambayo inali ya pansi ndi pamwamba. Pansi pankakhala amene ankaloledwa kutuluka kukakhala m'kadimba ka maluwa kuseri. Pamwamba panali chitseko chotsegula ndi manambala, ndipo anthu ake ankapatsidwa mankhwala owakhazika mtima pansi, mwakuti ambiri ankangogona tsiku lonse kukamwa kuli yasa. Munthu akakwera kumeneko sankatsikanso ndi miyendo yake.

A Lester anali apansi. Anali munthu wakuda wa ku America, wamtali, wa zala zokhotakhota ngati mizu ya chinangwa. Chala chilichonse chinathyokapo ndi mpira. Ali mnyamata, m'zaka za m'ma fifite, ankasewera besibolo ngati ntchito yolipidwa. Masewera ake ndi akuti wina amaponya kampira kolimba, wina amakamenya ndi ndodo n'kuthamanga, ndipo kumbuyo kwa womenyayo kumanjuta munthu wovala chigoba kumaso, wowakha mipira imene yaphonyedwa ndi kuuza woponyayo ndi zala mpira woti aponye. Wonjutayo anali a Lester. Ku England anabwera ndi usilikali, anakwatira, sanabwererenso. Akazi awo anali atamwalira. Mwana wawo, Doreen, mayi wa imvi kale, ankabwera Lamulungu lililonse kuchokera ku Croydon.

Mutu wawo unali utabwerera ku chaka chimodzi, chaka chimene timu yawo inatenga chikho, ndipo unakakamira komweko. Ine ankanditchula dzina la woponya mpira wa timuyo, limene m'Chichewa tinganene kuti Wamanzere, chifukwa anaona dzanja limene ndinkathirira tiyi.

Vuto lawo linali kusamba. Chakudya ankadya, mankhwala ankamwa, koma munthu akangogwira batani la malaya awo kapena kuonetsa lezala, ankasanduka munthu wina. Mayi wina wa ku Poland amene tinkagwira naye ntchito anamukankha mpaka anakagwera m'basiketi ya zochapa. Pankafunika anthu atatu kuti awalowetse m'bafa, ndipo m'buku la malipoti dzina lawo linali litayamba kutuluka kawirikawiri.

M'mawa uliwonse, amene wayamba kulowa m'chipindamo ankafunsidwa funso limodzi: "Dzulo tatani?" Anthu ankayankha zimene timayankha okalamba tikamafulumira: "Zili bwino, Lester, zonse zili bwino." Iwo ankagwedeza mutu, n'kutenga pensulo, n'kulemba kamzere kuseri kwa chitseko cha kabati ya zovala. Palibe amene ankasamala za timizereto.

Lolemba lina tinalowa awiri, ine ndi Bwalya. Timu yake ya mpira wa miyendo inali itagonja dzulo lake, ndipo anali atatupa nkhope kuyambira ku Barking.

"Dzulo tatani?" anafunsa a Lester.

"Taluza, mudala," anatero Bwalya akuika tiyi patebulo. "Atimenya ngati ana."

A Lester anapita pa kabati paja, analemba kamzere, koma mbali ina. Kenako anayamba kumasula okha mabatani a malaya.

"Chabwino," anatero. "Tiyambirenso. Madzi atentha?"

Bwalya anati ndi mwayi chabe. Ine nditawasambitsa ndi kuwameta, ndinatsegula kabati ija. Kumanzere kunali timizere tambirimbiri, kumanja kamodzi kokha.

Mayi anga atamwalira ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndimakumbukira kuti masiku a maliro palibe amene anagwira lumo, mpaka linafika tsiku lake, agogo anandikhazika pa mtondo wogubuduza n'kundimeta mpala, kenako tonse tinapita kukasamba. Palibe anandifotokozera chifukwa. Ndinangodziwa kuti pali nthawi imene munthu sameta, ndipo si chifukwa cha uve. Ndiye nditaona timizere tija sindinavutike. A Lester sankapenga. Ankasunga mwambo. Timu ikamapambana, sumeta, susamba, susintha malaya amkati kapena masokosi, kuopa kutsuka mwayi. Ikagonja, umachapa zonse n'kuyambanso.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuigonjetsa timuyo. Masiku osamba anali Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndipo masiku amenewo ndinkaonetsetsa kuti ndalowa ndine poyamba.

"Dzulo tatani, Wamanzere?"

"Taluza, bwana."

Ankavula okha. M'bafa ankangokhala phee, madzi akuyenderera m'khosi.

Sisita Nachisale anandiimitsa pakolido. "Achimwene, mdala uja mwamudyetsa chiyani?"

"Palibe, Sisita."

"Anthu ofatsanu ndinu oopsa."

"Uyu ali na mankhwala ya ku Mulanje," anatero Bwalya. "Nimamuona akabisa pansi pa bedi."

Chinthu chikaphweka munthu umachizolowera. Akadzithira phala pa malaya, timu inkagonja mawa lake. Lamulungu, kuti Doreen awapeze aukhondo, timu inkagonjanso. Sabata ina inagonja kasanu. Sindinkayang'ananso kuseri kwa chitseko cha kabati.

Chimene chinayamba kusowa ndi phokoso lija. Ndinkafika, n'kuvula jekete, kolido ili zii. Kenako anayamba kufunsa funso lachiwiri.

"Analakwitsa ndani?"

"Sindinaone bwino, bwana."

"Usandinamize. Ndine. Mpira unandipyola m'miyendo."

Anayamba kusiya tiyi, kenako chakudya chamasana. Lamba wa thalauza lawo ndinaboola bowo lina.

Lamulungu lina Doreen anatuluka m'chipindamo n'kundipeza ndikupinda mathaulo. Sanakweze mawu.

"Bambo anga akuti chikho sanatenge," anatero. "Akuti anaiphetsa timu ndi iwo. Ndani akuwauza zimenezi?"

"Ndine."

"Chifukwa?"

"Kuti asambe."

Anati ndimutsatire. M'chipindamo anatulutsa chithunzi m'dirowa: amuna pafupifupi makumi awiri, ena atagwada, ena ataimirira, onse ndevu zili nyankhalala, malaya akuda ndi dothi.

"Ichi anajambula tsiku limene anatenga chikho. Kumapeto kwa chaka chimenecho sanagonje ngakhale kamodzi. Ku England kuno bambo anga anagwira ntchito ya m'fakitale mpaka anapuma, ndipo palibe mnzawo amene ankadziwa kuti besibolo n'chiyani. Dzina la mayi anga analiiwala. Langa amalikumbukira mwa apo ndi apo. Chatsala ndi chaka chimenechi basi, ndiye inu mwachichapa."

Kenako anatsegula kabati ija. Mbali ya kumanja timizere tinali titatsika mpaka pafupi ndi nsapato.

"Adadi, tikufunika angati?"

A Lester anawerenga ndi chala chawo chokhota, milomo ikugwedera. "Asanu kuti tilowe fainolo. Mu fainolo anayi. Osaluza ngakhale amodzi." Anabwerera pa mpando. "Sizingatheke."

M'basi yobwerera ndinamuuza Bwalya. Anaseka mpaka mayi wina anatembenuka.

"Iwe, manje mudala azankhala bwanji wiki yonse osasamba? Sisita azakudya wamoyo."

"Lachitatu ndili pa ofu. Ukalowe ndiwe poyamba, ukati tawina."

"Nizakamba. Koma ukachosedwa nchito, bedi yako nizaika munthu wina wamene amakambako."

Lolemba ndinalowa ndi tiyi.

"Dzulo tatani?" Anafunsa osandiyang'ana.

"Tawina."

Anatukula mutu. "Anaponya ndani?"

"Ine."

"Hm. Wayamba kumvera zala zanga tsopano."

M'buku la malipoti ndinalemba zoona, kuti akana kusamba. Lachitatu Bwalya analembanso zomwezo. Tiyi anayamba kutha m'kapu. Lachinayi anadya mbatata zonse ndi nyama, n'kupempha zina.

Masiku amenewo anayamba kulankhula. Ankanena za basi ya timuyo, imene inkafa injini pa chitunda chilichonse mpaka onse kutsika kukakankha. Ankanena za matauni amene mahotela ake sankalandira anthu akuda, kumene ankagona m'basi momwemo, mapazi a mnzako ali pakhosi pako. Ankati fungo la m'basimo linafika poti woyendetsa ankamanga mpango pamphuno, koma tsiku lina mnzawo wina atagula sopo, anamulanda n'kumuponyera mumtsinje, sopoyo osati munthuyo, ngakhale kuti ena ankafuna zonse ziwiri. Ndinkamvetsera ndikuyala bedi. Zina ndinkazidziwa kale. Chipinda chathu cha ku Barking chinali ndi windo losatseguka.

Lachisanu m'mawa tinalowa fainolo. Masana ake Sisita anandiitanira mu ofesi. Buku linali lotsegula patebulo.

"Tsekani chitseko. Katatu akana. Mankhwala anu aja atha mphamvu?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa timizere mpaka pa chithunzi. Anamvetsera atagwira chibwano.

"Ndiye mukundiuza kuti munthu wodwala shuga akhale ndi litsiro chifukwa cha mpira umene unatha ine ndi inu tisanabadwe?"

"Akudya tsopano, Sisita."

"Ndaona kuti akudya. Ndamvanso fungo. Gogo uja wa pa windo wapempha kuti timusinthire tebulo." Anatseka buku. "Achimwene, kuno si ku Luchenza. Kuno chinthu chikalembedwa chimayenda chokha. Adokotala akubwera Lolemba thuu koloko. Aona kuti mdala watsika sikelo, aona kuti wayambanso kukana, akumbukira kuti anakankhapo munthu. Bedi pamwamba ilipo kale. Akamupeza wosasamba, ine ndilibe pogwira."

"Lolemba akhala atawina atatu. Wachinayi ndikawauza Lachiwiri."

"Ndiye muwauze mawa kuti aluza, asambe, nkhani ithe."

"Akaluza amodzi akuti zatha."

"Nanga mapazi awo? Chilonda chikabuka pansi pa masokosi amenewo, mukayankha ndinu?"

Za mapazi tinapeza njira. Ndinawauza a Lester kuti Sisita ndi dokotala wa timu. Analola kuti awavule masokosi, aone zala, apukute ndi thonje, bola masokosi omwewo abwerere, ndipo lakumanzere lisapite kumanja. Sisita ankachita zimenezi tsiku lililonse akupumira pakamwa. Za Lolemba sanasinthe.

"Iwe ndiwe wopusa," anatero Bwalya. "Uwauze chabe ati tawina yonse folo siku imodzi. Mudala saziba na siku ya lelo."

Loweruka ndinayesa pang'ono.

"Dzulo tatani?"

"Tawina awiri, bwana. Tinasewera m'mawa ndi masana."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Fainolo sasewera awiri pa tsiku. Waledzera, Wamanzere?"

"Pepani. Amodzi."

"Usiye mowa mpaka tithane nazo."

Analemba kamzere kamodzi.

Lamulungu Doreen anabwera, anapsompsona bambo ake pa ndevu, sanakwinye nkhope. Ndinamuuza za Lolemba. Anaimba foni kuntchito kupempha kuti adzakhalepo, koma anamukaniza. Pochoka anandiuza kuti ngati awakweza pamwamba, ndidzakhale ndine wowakankha pa njinga ya odwala, osati munthu wachilendo. Ndinavomera.

Lolemba m'mawa ndinanena kuti tawina achitatu. Anadya phala lonse. Bwalya anandipeza kochapira mbale.

"Manje?"

"Sindikudziwa."

"Uwauze ati taluza. Pansi pali maluwa, mwana. Chikho sichizamuthandiza pamwamba."

Ankanena zoona. Mawu ake anali awiri okha, ndipo ndinali nditawanenapo kambirimbiri. Akanavula okha, adokotala akanawapeza akununkhira sopo. Ndinakaima pa chitseko chawo cha m'ma leveni, n'kubwerera.

Itakwana wani koloko, atatha kudya, ndinalowa n'kutseka chitseko. Ndinakokera mpando pafupi ndi wawo.

"Bwana, masewera a lero ayamba."

"Ndikudziwa," anatero. "Ukuchedwa ndiwe."

Kunena kuti tawina kapena taluza n'kosavuta, koma masewera enieni sindinkawadziwa, ndinali ndisanaonepo ngakhale amodzi. Ndiye ndinangofunsa.

"Woyamba kumenya ndi ndani?"

"Wamfupi uja, wa miyendo yamatewe. Amakonda mpira wam'mwamba. Umupatse wapansi."

"Ndamupatsa. Watani?"

"Waphonya, nanga atani? Umupatsenso."

Zinayenda choncho. Ine ndinkangoti, "Ndiye watani?" kapena "Akubwera ndani?" ndipo iwo ankadziwa zonse. Munthu amene sankadziwa kumene kuli chimbudzi ankakumbukira womenya aliyense, mmene ankagwirira ndodo, amene ankalavula asanamenye, amene mkazi wake anali atamuthawa. Anasendera kumapeto kwa mpando, miyendo atatangadza, dzanja lamanja lili pakati pa mawondo, zala zikundiuza mpira woti ndiponye. Nthawi zina ankanditukwana. Besibolo imakhala ndi zigawo zisanu ndi zinayi, ndipo iwo sankadumpha ngakhale chimodzi. Womenya amatuluka akaphonya katatu kapena mpira wake ukawakhidwa usanagwe pansi, ndipo atatu akatuluka mbali yawo yatha. Ndinkayang'ana wotchi ya pakhoma. Hafu pasiti wani tinali m'gawo lachinayi.

"Bwana, tifulumireko."

"Ukathamanga uponya zopusa. Pukuta dzanja."

Ndinapukuta dzanja pa thalauza.

Thuu koloko inakwana tili m'gawo lachisanu ndi chiwiri. Ndinamva mawu a adokotala pakolido, ndi Bwalya akuwalondolera kaye ku chipinda cha gogo wina amene ankati wakhala akutsokomola. Gogoyo sankatsokomola. Tinapeza mphindi zingapo.

Chitseko chinatseguka tili m'gawo lomaliza. Anali Sisita, fomu yowakwezera pamwamba ili m'manja. Kumbuyo kwawo, pakolido, ndinaona njinga ya odwala.

"Achimwene, adokotala akudikira."

"Shh," anatero a Lester osatembenuka. "Dokotala, khala pa benchi. Awiri atuluka, watsala mmodzi."

Sisita anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana zala za a Lester.

"Tikutsogola ndi chimodzi chokha," anatero a Lester motsitsa mawu. "Ali ndi munthu watsala pang'ono kugoletsa. Amene akubwerayu ndi wamkulu uja, anatimenya chaka chonse. Usamuope. Umupatse wamphamvu, pafupi ndi manja."

"Ndamupatsa. Watani?"

"Wamenya." Anadzutsa mutu, maso ali kudenga. "Wapita m'mwamba, pamutu panga penipeni. Ndi wanga! Chokani, ndi wanga!"

Anaimirira okha, osagwira mpando. Dzanja limodzi linachotsa chigoba chosaoneka kumaso n'kuchitaya kumbali. Anasuntha phazi limodzi kumbuyo, lina kumbali, akupenyabe kudenga, maso atatsinzina pang'ono ngati muli dzuwa. Ndinaima kumbuyo kwawo kuti akagwa agwere pa ine. Mpirawo unatenga nthawi kuti utsike. M'chipindamo munalibe wopuma.

Manja awo anakumana pachifuwa. Anawatsegula pang'ono, anasuzumiramo, anatsekanso.

"Tatenga," anatero. Sanakuwe. "Wamanzere, tatenga."

"Tatenga, bwana."

Anandigwira m'khosi ndi dzanja limodzi, ndevu zawo zikundibaya patsaya. Kenako anandikankhira kutali, atakwinya mphuno.

"Iwe, ukununkha ngati mbuzi. Tiye ku shawa. Ndipo upeze lezala, mkazi sangandiyandikire chonchi."

Anayamba kumasula mabatani.

Sisita anapinda fomu ija pakati n'kuiika m'thumba la yunifolomu.

"Adokotala ndiwapatsa tiyi," anatero. "Akamaliza kapu imodzi sindiwapatsa ina."

Anatenga thaulo pa shelefu, anandipatsa m'manja, n'kutuluka.